Lilime Lobwereka

Ine ndinakwatiwa m'banja lopanga nato, koma kwa zaka makumi atatu sindinaikepo ngakhale kanyemba kamodzi ka nato m'kamwa mwanga. Kwathu ku Osaka soya timaphika n'kudya tsiku lomwelo, ngati anthu olongosoka. Kuno ku Ibaraki amamuwiritsa, n'kumukulunga m'mapesi a mpunga, n'kumugoneka m'chipinda chotentha mpaka ayambe kunanda ndi kununkha, ndiye ati chakudya chatheka. Tsiku loyamba limene apongozi anandiikira pampunga ndinathawira kuseri kwa nyumba. Kuyambira pamenepo tinamvana: mitolo ndimanga, kumasitolo ndikapereka, pansi ndikolopa, koma kudya ayi. Ndipo pakamwa panga sipanakhale chete. Nato ndinkamutcha masokosi a agogo, eni ake akumva.

Eni akewo ndi amuna anga, a Katsumi Ebisawa, munthu wosayankhulayankhula amene anatengera ntchitoyi kwa bambo awo. M'mawa uliwonse ankatsegula chipinda chozizira, n'kutenga mtolo umodzi pa mphika uliwonse umene wapsa, kuvundula ndi timitengo todyera, n'kulawa. Akagwedeza mutu, nato wa mphika umenewo ankapita kumasitolo. Akakwinya mphumi, ankapita m'bokosi la kukhomo lakumbuyo, limene a Onuki oweta nkhumba ankadzatenga. Makina oyezera tinalibe. Nyumba yonse inkadalira lilime limodzi lija.

Matenda anayamba mwakachetechete nthawi yokolola soya. Ndinkawapeza ataima pakati pa masitepe, dzanja lili pachifuwa. Ndikafunsa, ati akuganiza. Kodi munthu woganiza amachita wefuwefu? Tsiku lina ananyamula thumba la soya, n'kuyenda nalo pang'ono, kenako n'kungokhala pansi pambali pa mphika wa nthunzi, milomo itatuwa. Tsiku limenelo sindinawafunse maganizo awo. Ndinawakweza m'galimoto yoperekera katundu mpaka kuchipatala ku Mito.

Atawayeza zonse anatilowetsa kwa adokotala a mtima, a Nagase, mayi wamng'ono thupi woyankhula modekha. Patebulo pawo panali mtima wapulasitiki wotseguka pakati.

"Apa pali kachitseko kamene timati valavu," anatero akuloza. "Kamatseguka magazi akamatuluka mumtima, n'kutsekeka kuti asabwerere. Mwa anthu ambiri kamakhala ndi timapiko titatu. Inu a Ebisawa munabadwa ndi tiwiri, ndipo tsopano tauma. Mtima wanu ukuchita kulimbana nako ngati chitseko chotupa ndi mvula. Tiyenera kuchotsa valavu imeneyi n'kuikapo ina."

"Ndinkadziwa ine kuti pali china chake chimene chinaiwalika powapanga," ndinatero. Ndikachita mantha pakamwa panga pamathamanga. Adokotala anamwetulira mwaulemu, amuna anga osatembenuka n'komwe.

Kenako anatulutsa tinthu tiwiri tozungulira ngati mphete, n'kutiika pamaso pathu.

"Iyi ndi yachitsulo. Tikaika, taika, ndi ya moyo wonse. Koma magazi amakonda kuundana pachitsulo, choncho mudzamwa mankhwala oletsa kuundanako tsiku lililonse mpaka kalekale. Inayi imapangidwa ndi kachikopa kokuta mtima wa ng'ombe. Mankhwala aja mumamwa miyezi yochepa chabe. Koma imatha. Kwa munthu amene sanafike zaka makumi asanu ndi limodzi ngati inu, ingagwire zaka khumi, mwina khumi ndi zisanu, kenako mudzabweranso kuti tidzayambirenso."

"Yachitsulo," ndinatero ine.

"Dikirani kaye amayi. Mankhwala amenewa ali ndi mdani wake wamkulu. Amene akumwa sadya nato. Kodi a Ebisawa mumamukonda nato?"

Nditawauza ntchito yathu, adokotala anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Nanga atamangolawa n'kulavula?" ndinafunsa.

"Tsiku lililonse, mphika uliwonse? Ayi, sindingalole. Nato sali ngati masamba, oti tinganene kuti idyani pang'ono. Tizilombo timene timamupsetsa timakapitiriza ntchito m'matumbo, n'kufooketsa mankhwala. Magazi akaundana pa valavu, chotsatira ndi kufa ziwalo, mwinanso kuposa apo."

"Ndiye ya ng'ombe," anatero amuna anga, ngati akuitanitsa chakudya.

Adokotala anati tisayankhe tsiku lomwelo. Opaleshoni idzachitika chaka chatsopano chikalowa, ndipo yankho tidzapereke tikadzabwera kudzayezetsa komaliza.

Pobwerera ndinkayendetsa ndine, ndipo ndinapirira mpaka titatuluka mumzinda.

"Bambo, mukufuna akung'ambeni kawiri chifukwa cha nyemba zowola?"

"Si zowola. Zapsa."

"Zowola, ndatero ine."

"Lilime langa likachoka m'nyumba muja, titseke. Nato wosalawa ine sindigulitsa."

"Titseke kumene. Anafapo ndani chifukwa chosowa nato?"

"Bambo anga akanafa."

Ndinaimika galimoto m'mphepete mwa msewu. Ndinawauza mosapita m'mbali. "Kunja kwa chitseko cha fiyeta ine ndidikira kamodzi. Kachiwiri mudzakhala muli nkhalamba, ine ndili nkhalamba, ndipo palibe amene akudziwa ngati mudzatulukemo. Ndikuopa, bambo. Mwandimva?"

Anandimva. Ankangoyang'ana minda ya mpunga yokolola kale. Tsiku lotsatira ndinaimbira mwana wathu Chiharu, amene amaphunzitsa sukulu ku Sendai, kuti andithandize kuwakalipira. Iye anangoti, "Amayi, mtima ndi wawo." Ndinamuyankha kuti zikomo aphunzitsi, n'kudula foni. Mwana wolera wekha, abale.

Zokonzekera zinayamba. Anatitumiza kwa dokotala wa mano, chifukwa dzino lowola likhoza kutumiza matenda m'magazi mpaka kukafika pa valavu yatsopano. Anawazula awiri akumbuyo. Fodya anasiya, ndipo mlungu woyamba anali wokwiya ngati mphaka wonyowa. Kuchipatala anawapatsa kachida kophunzitsira mapapo, kokhala ndi timipira titatu toti tizikwera munthu akamakoka mpweya. Madzulo alionse ankakhala pafupi ndi chotenthetsera n'kumakoka, nkhope ili psuu, kampira kachitatu osasuntha n'komwe. Ine ndinagula zovala zogonera zomanga kutsogolo ndi lamba wa pachifuwa. M'mawa, akatha kulawa, ankayenda pang'onopang'ono mpaka pamlatho n'kubwerera, monga analamulira adokotala. Chilichonse ankachita mosanyinyirika. Koma ndikangoti chitsulo, ankadzuka n'kupita kukaona moto.

Ndinaganiza ndekha kuti munthu ameneyu sakukana moyo ayi, akukana kutseka. Chiharu sabwerera kuno. Amayi awiri amene amatithandiza kumanga mitolo ali ndi makomo awo. Lilime lotsala m'nyumba muno linali langa, lomwe lija lonyoza.

Koma kuyambira pati? Kupita kwa iwo n'kunena kuti ndiphunzitseni kudya masokosi a agogo, patatha zaka zonsezi? Ndikanalolera kumeza singano. Kutenga m'chipinda chozizira sikunali kotheka, chifukwa mitolo yabwino amaidziwa ngati ana awo. Panatsala bokosi la nkhumba za a Onuki. Nato wa mmenemo amakhala ali m'mapesi ake, sagwa pansi. Ndinati nato ndi nato.

M'mawa wina iwo atangonyamuka kupita kumlatho, ndinatenga timitengo m'khitchini, n'kukanjuta kuseri kwa nyumba, malo omwe aja ndinathawira ndili mtsikana. Ndinamasula mtolo. Fungo la mkodzo linandimenya m'mphuno mpaka misozi. Ndinatseka maso n'kuponya m'kamwa. Kuterera kwake kuposa therere, kuwawa kwake ngati mankhwala a malungo. Ndinasanza pomwepo, n'kutsuka m'kamwa pampopi, n'kutukwana makolo onse a ku Ibaraki amene anayambitsa zimenezi. Mawa lake ndinabwereranso.

Masiku oyambirira zonse zinali chimodzimodzi, zoipa basi. Koma nseru itayamba kuchepa ndinazindikira kuti kuipa kuli ndi mitundu. Mawu ake ndinali nawo kale, chifukwa ndakhala ndikumva amuna anga akung'ung'udza okha m'mawa uliwonse. Akati "wathamanga", ndiye kuti chipinda chinatentha kwambiri, ndipo ndi uja wonunkha mkodzo. Akati "wazizidwa", ulusi wake umaduka msanga ndipo m'kamwa mumangomveka nyemba wamba. "Waliuma" ndi wolimba pakati, amene nthunzi sinamulowe. "Wakalamba" amakhala ndi timchenga tolira m'mano. Zaka zonsezi ndinkasunga mayina a anthu amene nkhope zawo sindinazione, ndipo tsopano ndinayamba kukumana nawo mmodzimmodzi. Kukoma sindinakumane nako. Ndinkangodzifunsa kuti kodi munthu wanzeru zake angalolere kung'ambidwa pachifuwa kawiri chifukwa cha zimenezi?

Chisanu chitakula, m'mawa wina iwo analephera kufika pamlatho. Mpweya unawathera panjira, n'kubwerera. Ine sindinamve mapazi. Ndinangoona chithunzithunzi pakhoma, ndipo potembenuka ndinawapeza ataima, akundiyang'ana. Ndinali chinjutire, ulusi wa nato uli lende kuchokera pamlomo mpaka pachibwano.

Anakhala pansi pa sitepe n'kudikira kuti mpweya ubwerere. Zinatenga nthawi.

"Yukari," anatero, "ukulanda nkhumba za a Onuki chakudya?"

"Nkhumbazo zindithokoze. Ndikuzipulumutsa."

"Unayamba liti?"

"Kalekale. Musandifunse zambiri." Ndinapukuta pakamwa ndi epuloni. Manyazi anali atandigwira, ndipo ine manyazi akandigwira ndimakalipa. "Mumati lilime lanu likachoka titseke. Lilime ndi ili. Maso muli nawo, mphuno muli nayo, manja muli nawo. Muzivundula, muzinunkhiza, ine ndizimeza. Inu ikani chitsulo."

Sanaseke. Anakoka bokosi lija, n'kusankha mtolo, n'kundipatsa.

"Uyu?"

Ndinalawa. "Wazizidwa."

"Uyu?"

"Wathamanga. Ndipo simunafunike kundipatsa, akumveka ndili pano."

Anafufuza pansi penipeni n'kutulutsa wina. Ndinatafuna nthawi yaitali. "Waliuma, koma pali chinanso. Akumveka ngati chinyezi cha m'kabati."

"Mapesi sanaume bwino," anatero motsitsa mawu. Anayang'ana m'bokosimo, kenako n'kuyang'ana ine. "Nanga wa m'chipinda chozizira unalawapo?"

"Ndikanamutenga bwanji inu mukuwerenga ndi maso?"

"Ndiye nato amene ukumudziwa ndi wa m'bokosi muno yekha."

"Kodi pali kusiyana kwenikweni?"

Anagwira chitseko, n'kuimirira, n'kulowa m'nyumba.

Kuyambira tsiku limenelo ankandiitana nthawi yolawa. Koma mudziwe zimene ankachita bambo amenewa. Akalawa n'kukwinya mphumi, ankandipatsira ine kuti nditchule vuto. Akalawa n'kugwedeza mutu, ankamaliza okha mpaka kunyambita timitengo. Ine zoipa zokhazokha. Ndinati chabwino, akubweza chipongwe cha zaka makumi atatu, ndipo ndinavomereza chilangocho. Za valavu sanatchulepo, inenso ndinadziluma lilime. Kunena zoona, kukhala chete kunandivuta kuposa nato.

Chaka chatsopano chinalowa. Tinauza eni masitolo kuti tipuma mpaka nyengo itafunda. Tsiku loyezetsa komaliza anawatenga magazi, n'kuwajambula pachifuwa, n'kuwaonetsa mmene adzadzukire pabedi osakankha ndi manja, ndi mmene adzakhosomolere atakumbatira pilo. Pomaliza tinakhalanso pamaso pa a Nagase.

"Mwaganiza bwanji a Ebisawa?"

"Ndamva kuti yachitsulo imalira," anatero amuna anga.

"Imagunda pang'ono ngati wotchi. Pamalo pachete mudzaimva. Ambiri amazolowera."

"Nanga mkazi wanga adzaimva?"

"Akakhala pafupi, inde."

"Aziimva. Mwina adzayamba kukhala chete kuti amvetsere. Ikani yachitsulo."

Ndinangoweramitsa mutu kwa adokotala, kenako n'kuweramanso kachiwiri popanda chifukwa. Panjira ndinagula nsomba yaikulu yofiira, ya pachikondwerero. Mtima wanga unali mbee. Ndinali nditapambana, ndipo ndinkaona kuti chimene ndawalanda n'chaching'ono: chakudya chonunkha chimene ine ndinkachimeza ngati mankhwala.

M'mawa wa tsiku lokagonekedwa kuchipatala ndinadzuka n'kuika chikwama pakhomo. Zonse zinali mmenemo: zovala zogonera, lamba, kachida ka timipira, masilipasi, kapu yokhala ndi kampopi komwera munthu ali chigonere. Kunja kunali kutagwa chisanu chopyapyala, ndipo m'nyumba yopangira nato munali zii, moto wozima. Nditalowa m'khitchini ndinapeza iwo atayala kale patebulo mbale ziwiri za mpunga wotentha. Pakati panali mtolo umodzi wa mapesi.

"Uyu ndi wa mphika womaliza," anatero. "Khala pansi."

Anamasula mapesi mosamala. Nyemba zinali zazing'ono, zofanana, zokutidwa ndi kaufa koyera. Anazikhuthulira m'mbale yakuya n'kuyamba kuvundula. Anavundula nthawi yaitali, osafulumira, mpaka ulusi unayera n'kuchita thovu. Atakweza timitengo, ulusiwo unatalika kufika pamphumi pawo osaduka. Anathira timadontho ta msuzi wa soya ndi anyezi wamasamba pang'ono, n'kugawa pakati, theka pampunga wawo, theka pa wanga.

Ndinakonzekera monga mwa masiku onse, kugwira mpweya n'kuumitsa khosi. Ndinaika m'kamwa n'kuyamba kufufuza vuto. Ndinafufuza mkodzo, osaupeza. Ndinafufuza mchenga, kuwawa, chinyezi. Panalibe. Nyemba inangosungunuka palilime, yofewa mpaka pakati, yonona, yotsekemera chapatali ngati mtedza wokazinga pamoto wochepa. Kumbuyo kwake kunkabwera kafungo ka mapesi ouma padzuwa. Ndipo kukomako sikunathe msanga, kunkangowonjezereka ndikamatafuna.

Ndinaika timitengo pansi.

"Vuto lake n'chiyani?" anafunsa.

"Palibe."

"Eya. Ameneyo ndiye nato."

Ndinawayang'ana akudya. Ankadya pang'onopang'ono, maso ali pambale, monga ndakhala ndikuwaonera m'mawa uliwonse chikwatiwireni, ine nditatseka mphuno ndi epuloni n'kumawanyoza. Munthu ameneyu anayamba kudya zimenezi asanamere mano. Mbale imeneyi inali yomaliza, ndipo amene anamulanda ndine, osadziwa n'komwe chimene ndikulanda. Zinandiwawa kwambiri.

"Bambo, tiwaimbire a Nagase," ndinatero. "Nthawi ilipo. Aike ya ng'ombe ija. Ndidzadikira kachiwiri, ndidzapirira."

"Ukuona?" anatero osakweza mutu. "N'chifukwa chake sindinakupatse tsiku lija. Ukanakhala mbali yanga. Ndiye akanandikakamiza ndani?"

"Mumafuna kukakamizidwa?"

"Nanenso ndimaopa, Yukari. Kachiwiri sindikufuna. Kungoti ndekha sindikanatha kusiya."

Anakokolola timbewu totsala m'mbale mpaka mbale inayera. Kenako analoza yanga ndi chibwano.

"Usathamange. Ugwire bwinobwino mmene akumvekeramo. Oipa ukuwadziwa onse, koma wabwino ndi ameneyu, ndipo ine sindidzathanso kukukumbutsa."

Anaimirira, n'kutsuka mbale yawo okha, n'kupita kukavala nsapato pakhomo. Ndinawamva akukoka zipi ya chikwama, akuonanso ngati zonse zilimo. Ine ndinakhalabe patebulo, nato womaliza ali m'kamwa, ndikuopa kumeza.